Chala Chokha Ndicho Membala

M'mudzi wina, umene dzina lake sitilitchula chifukwa eni ake akadali moyo ndipo ena mwa iwo masiku ano amatha kuwerenga, anthu anali a mitundu iwiri: osaina ndi odinda. Osaina ndi aja amati akapatsidwa pepala amagwira cholembera. Odinda ndi aja amati akapatsidwa pepala amapereka chala chachikulu kuti achipake inki. Pamsonkhano osaina ankakhala pabenchi, odinda pafumbi.

Mwambo umenewu sunali wa makolo ayi. Makolo analibe benchi. Anaubweretsa ndi a Laitoni Chathyoka, Wapampando Wamkulu wa Komiti ya Chitukuko, Mjigo, Mlatho ndi Zina Zonse Zimene Zingadzabwere. M'mudzimo munalibe mjigo, munalibenso mlatho, koma komiti yake inalipo ndipo inkakumana mokhulupirika.

A Chathyoka sukulu sanapite nayo patali. Anailekeza pamene aphunzitsi anayamba masamu ogawa, pakuti kugawa sanakukondepo chibadwire. Koma anachokako ndi chinthu chimodzi chamtengo wapatali: siginecha. Inkayamba ndi mchira, n'kukwera phiri, n'kuzungulirazungulira ngati galu wofuna pogona, n'kukathera m'madontho. Palibe amene ankaiwerenga, ngakhale eni ake. Akamasaina, bwalo lonse linkakhala chete mpaka amalize. M'thumba la malaya awo zolembera zinkandandalika ngati mano a chipeso. Zambiri zinauma kalekale, koma cholembera chouma nachonso chimaonekera patali.

Lamulo loyamba la komitiyo analipanga okha. Linkati munthu wodinda chala pamaso pa anthu sakhala pabenchi, salankhula pamsonkhano, ndipo mpando asauyandikire. Wodinda akafuna kukwera pabenchi, asaine dzina lake komiti ikuona. Kungoti komitiyo inali isanapezepo mpata woonera aliyense.

"Chala changa ichi chikadzadinda," ankatero a Chathyoka, atachikweza m'mwamba, "mudzanditsitse nokha, mudzandikhazike pafumbi."

"Mfundo imeneyo ndagwirizana nayo," ankayankha a Ziyaya, Mlembi Wamkulu wa komitiyo. A Ziyaya anali munthu wa khosi lofewa. A Chathyoka akangoyetsemula, iwo ankagwirizana nazo.

Odinda ambiri anali amayi, anthu odzuka tambala asanaganize zolira, otunga madzi kutsidya kwa dambo, othirira madimba, n'kukhalanso ndi mphamvu zodzakhala pafumbi kumvetsera abambo akukambirana za mjigo. Ena mwa iwo masana ankapita kusukulu ya kwacha, kumene akuluakulu amaphunzira kulemba ndi kuwerenga. A Chathyoka ankaitcha sukulu ya mkaka ya anthu a imvi. Mkazi wawo yemwe, Nangozo, ankapita komweko akamaliza kugulitsa zitumbuwa.

"Lero mwaphunzira a kapena e?" ankamufunsa akabwerako.

Nangozo ankangonyamula ndowa n'kutuluka. Analibe nthawi.

Ndiyeno kunabwera bungwe lina ndi galimoto yoyera. Linati mjigo ulipodi, ndipo uthenga wake uzidzera pafoni imene wapampando aliyense apatsidwe. Mlangizi wa bungwelo, mayi wachitsikana wa nsapato zafumbi, anaitulutsa m'bokosi mudzi wonse ukuona. Inali foni yopanda mabatani, galasi lokhalokha, yosalala ngati mwala wa pamtsinje. A Chathyoka anailandira ndi manja awiri ngati mwana wakhanda.

"Tsopano, bambo, foniyi iyenera kukudziwani," anatero mlangizi. "Ikani chala chachikulu pakabwalo aka."

"Mwati ndiike chiyani?"

"Chala. Mungodinda apa."

A Ziyaya anatsokomola.

"Mayi," anatero a Chathyoka moleza mtima, "mwina kumene mwachokera sanakuuzeni. Ine ndimasaina." Anasolola cholembera n'kuchiloza pagalasi.

"Foni siimva cholembera, bambo."

"Ndiye kuti ndi foni yosaphunzira."

Mlangizi anayang'ana dzuwa. Midzi ina inkamudikira. "Chala chilichonse cha pakhomo panu chichita, bola tizipita."

A Chathyoka anamwetulira. Anatembenukira kufumbi. "Nangozo! Bwera kuno iwe. Zodindadinda ndi zako izi."

Apabenchi anaseka mpaka misozi. Nangozo ananyamuka, napukuta chala pachitenje, nadinda pamene anamuuza. Foni inanjenjemera pang'ono n'kuwala. Manambala achinsinsi otsegulira mlangizi anapita nawo m'mutu mwake, pakuti bungwelo linali litayenda midzi yambiri ndipo linkadziwa kuti katundu wa chitukuko amakonda kupezeka pamsika.

Atafika kunyumba, a Chathyoka anazindikira kuti foniyo inali ndi khalidwe limodzi loipa. Ikangoikidwa pansi pang'ono, inkagona. Ndipo ikagona sinkadzukira wina aliyense koma Nangozo. Anaiuza dzina lawo. Anaiuza udindo wawo wonse mpaka pa Zina Zonse Zimene Zingadzabwere. Anaionetsa siginecha. Foni inangoti ndee, n'kuwabwezera nkhope yawo yomwe pagalasi lakuda.

Nangozo akawatsegulira, mavuto ankangosintha malaya. Chala chachikulu a Chathyoka ankachipinda m'dzanja, n'kumagwiritsa kachala kamkombaphala, nati uku si kudinda, n'kuloza. Koma dzanja linazolowera mabatani. Ankatobwanya galasi ngati akuswa nkhupakupa. Pofuna kuona zapansi ankayamba anyambita chala ngati akutembenuza tsamba la buku la nyimbo. Posakhalitsa foniyo inadzaza zithunzi za mphuno zawo, zojambulidwa kuchokera kumunsi, zooneka ngati mauna a mbewa. A kubungwe akaimba, a Chathyoka ankaimirira, n'kukonza kolala, n'kukankhira chala kofiira. Foni inkaduka.

"Netiweki ya kuno njachabe," ankatero.

Vuto lenileni linabuka pamsonkhano. Foni ya wapampando iyenera kukhala patebulo, pamaso pa wapampando, yowala, kuti aliyense aione. Kuti iwale pankafunika Nangozo pafupi. Koma pafupi ndi pabenchi, ndipo Nangozo anali wodinda. Komiti inakambirana nkhaniyi kuyambira mithunzi ili yaitali mpaka inatalikanso kumbali inayo. Madimba anadikira. Mbuzi zinalowa m'chimanga. Pomaliza a Chathyoka anaimirira ndi nkhope ya munthu amene wasenza nzeru zolemera.

"Tagamula motere. Chala chokha ndicho membala."

Anachipatsa ndi udindo womwe: Wolemekezeka Chala, Wachiwiri kwa Wapampando Woona za Kutsegula. Nangozo yense wotsalayo, kuyambira padzanja kufika kuphazi, anakhalabe wodinda. Choncho azikhala pafumbi m'mbali mwa benchi, mkono atautukula, chala chili pabenchi pamodzi ndi anzake olemekezeka.

"Tionjezeponso," anatero a Chathyoka, poopa kuti ulemu ungatsetserekere kumkono n'kukafika kwa mwini wake, "zochita za Chala si za Nangozo, ndipo za Nangozo si za Chala."

"Ndagwirizana nazo," anatero a Ziyaya.

Panatsala nkhani ya chakumwa. Membala aliyense pamsonkhano ankalandira botolo la choziziritsa kukhosi. Chala chinali membala, koma chinalibe pakamwa. Pakamwa pa Nangozo panalipo, koma sipanali membala. Komiti inaona kuti njira yachilungamo ndi yakuti a Wapampando azimwa m'malo mwa wachiwiri wawo. Anavomera modzichepetsa.

Pafumbipo panali mayi wina, Nasibeko, wogulitsa tomato, mnzake wa Nangozo kusukulu ya kwacha. Pokhala wodinda sankaloledwa kulankhula pamsonkhano, choncho ankalankhula ndi dengu lake. Lamulo silinkaletsa zimenezo.

"Dengu iwe, waona?" anatero mokweza. "Chala chapeza ntchito, mwini wake akadali lova."

Masabata oyamba Nangozo anapirira. Ankati ali kudambo, uthenga wafika: Chala chikufunika ku ofesi. Ali pamoto ndi zitumbuwa, uthenga: foni yagona. Tsiku lina anatula ndowa pakhomo madzi n'kukhavukira.

"Bambo, ine sindinakwatiwe ndi foni. Dimba likuuma."

"Iwe pita kudimba. Tikufuna Chala, osati iwe."

A Ziyaya anafunsa mwaulemu ngati pangakhale njira yoti Chala chizitsala ku ofesi mwini wake akachoka. Nangozo anawayang'ana kamodzi kokha. Mfundoyo inafera pomwepo, ndipo palibe anagwirizana nayo.

Mapeto ake foni inayamba kuyenda ndi Chala, itamangidwa pamfundo ya chitenje. Nangozo nayenso sanabadwe nayo. Inkamukana chala chikakhala ndi mafuta a zitumbuwa. Tsiku lina anatumiza kubungwe mawu ake akutukwana mbuzi, ndipo a kubungwewo anayankha kuti uthenga wa komiti aulandira. Koma munthu wopanda nthawi amaphunzira msanga. Anaona kuti galasi silifuna ndewu, limafuna kulisisita ngati mutu wa mwana wodwala. Anaonanso kuti zilembo za pabolodi la sukulu ya kwacha zinali zomwezo za pafoni, sizinasinthe mtundu.

"Halo, ndi a Wapampando?"

"Ndi Chala chawo. Nenani msanga, ndili ndi ndowa pamutu."

A kubungwe anachikonda Chalacho. Chinkayankha zimene chafunsidwa, osayamba ndi mbiri ya komiti.

M'mudzi namonso zinthu zinayamba kupendekeka. Akale anati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma ichi chinkabweretsa mjigo. Abambo omwe aja anaseka mpaka misozi anayamba kuvula zipewa akakumana ndi Nangozo panjira, maso ali padzanja lake lamanja.

"Wolemekezeka adzuka bwanji?"

"Adzuka, akupita kukathirira mpiru. Patukani."

A Chathyoka ankaona zonsezi ndipo chakumwa cha Chala chinayamba kuwawawa kukhosi. Iwo anali atasankha kale malo a mjigo: m'mbali mwa msewu waukulu, kutali ndi nyumba zonse, pamene oyenda pagalimoto angamawerenge dzina lawo pasimenti. Amayi ankafuna pakati pa nyumba, pamene pali ndowa. Koma amayi ankalankhula ndi madengu okha, choncho maganizo awo sankadziwika.

Ndiye madzulo ena a Chathyoka anamva ndi makutu awo. Foni inalira pachitenje, ndipo mlangizi anati mawa akubwera ndi okumba kudzatsimikiza malo. Kenako anafunsa, "Nanga inu mayi, mukuona kuti pabwino m'pati?"

Inu mayi! Wodinda kufunsidwa maganizo, wapampando ali pomwepo akusenda nzimbe!

Dzuwa lisanalowe komiti inakumana mwadzidzidzi. Wolemekezeka Chala anachotsedwa ntchito pa mlandu wodzikuza ndi kuloza akuluakulu. Foni inamasulidwa pachitenje n'kulowa m'thumba la jekete. Nangozo sanadandaule. Anangoti, "Zikomo, mpiru wanga wapulumuka," n'kumapita.

A Ziyaya anasendera pafupi. "Ndagwirizana nazo, bwana. Koma mawa titsegula bwanji?"

"A Ziyaya, kodi kutchalitchi mumapita kukagona? Tsiku la ukwati wathu abusa ananena pamaso pa mpingo wonse kuti ine ndi Nangozo ndife thupi limodzi. Chala chake ndi changa. Foniyi ikungofunika kukumbutsidwa. Ndidzaikhudza m'thumba momwemu, popanda woona. Lamulo likuti pamaso pa anthu."

A Ziyaya anati nzeru zotere sanazimvepo, ndipo apa ananena zoona.

M'mawa mwake mudzi wonse unasonkhana. Galimoto yoyera inafika, pambuyo pake chigalimoto cha makina okumbira, chimene ana ndi akulu omwe anachizungulira ngati chatsika kumwamba. Mlangizi sanafune ngakhale kukhala pansi.

"A Wapampando, tsegulani foni titsimikize malo. Mudzi ukapanda kutsimikiza lero, makinawa apitirira kwa anzanu kutsidya. Kumeneko akonzeka."

A Chathyoka analowetsa dzanja m'thumba la jekete, maso ali kumitambo ngati akupemphera. M'thumbamo munamveka kunjenjemera. Anayesanso. Kunjenjemera.

"Dengu iwe," anatero Nasibeko, "a Wapampando ali ndi nyerere m'jekete."

"Itulutseni tione, bambo," anatero mlangizi.

Foni inaikidwa patebulo, yakuda bii. A Chathyoka anayamba kulankhula za mbiri ya komiti. Mlangizi anakodola dalaivala wa makina, ndipo injini inalira. Pafumbi panayamba kung'ung'udza. Pabenchi napo, pakuti ngakhale osaina amamwa madzi.

A Chathyoka anatembenukira kufumbi, mawu atafewa ngati nthochi yakupsa. "Mayi a kunyumba, tabwerani kuno pang'ono inu."

Nangozo anali akusenda nandolo m'lichero. Sanadzutse mutu. Pamsonkhano wodinda salankhula.

"Dengu," anatero Nasibeko, "uwauze kuti Chala chinachotsedwa ntchito dzulo. Chinkadzikuza."

Chigalimoto chinayamba kubwerera chambuyo. Mayi wina anaponya ndowa yopanda kanthu patsogolo pa benchi, n'kulira kweng'ere. Thukuta linatsika pamphuno yotchuka ija. A Chathyoka anayang'ana chigalimoto, nayang'ana msewu waukulu kumene dzina lawo linkayenera kukhala pasimenti, nayang'ana mpando. Kenako anatambasula chala chachikulu, chimene chinali chisanagwirepo inki chibadwire, nachidinda pagalasi, mudzi wonse ukuona.

Foni inanjenjemera. Anadindanso. Ananyambita chala n'kudinda mwamphamvu, tebulo n'kulira.

Mlangizi anawerama n'kuwerenga. "Ikuti chala ichi siikuchidziwa."

"Bodza! Ine ndi Nangozo ndife thupi limodzi! Abusa ananena!"

"Dengu," anatero Nasibeko, "zikuoneka kuti foniyi ku ukwati sinaitanidwe."

Kuseka kumene kunabuka pafumbipo kunaimitsa ndi chigalimoto chomwe. Kutatha, a Ziyaya anaimirira. Khosi lofewa lili ndi ubwino umodzi: limadziwa msanga kumene mphepo yalowera.

"Pepani, bwana. Lamulo loyamba likuti munthu wodinda chala pamaso pa anthu sakhala pabenchi, salankhula pamsonkhano, ndipo mpando asauyandikire. Munatinso chala chanu chikadzadinda tidzakutsitseni tokha. Ine ndinagwirizana nazo."

Sanachite kuwanyamula. Apabenchi anangosendera mbali imodzi onse pamodzi, mpaka a Chathyoka anapezeka kuti benchi yawathera.

"Ine za malamulo anu sindikuzidziwa," anatero mlangizi. "Ndikufuna munthu amene foni ikumudziwa."

Nangozo anaika lichero pansi, nasasa makoko a nandolo pachitenje, napukuta chala. Anakhudza kamodzi. Foni inawala ngati mwana woona mayi ake.

"Mwaona!" anakuwa a Chathyoka ali pafumbi, ngakhale sankaloledwa kulankhula. "Wadindanso uyo! Wakhala akudinda pamaso panu masiku onsewa!"

"Ayi, bwana," anatero a Ziyaya mwachisoni. "Mayiwa pafoni sanadindepo. Chinkadinda ndi Chala, ndipo munagamula nokha kuti zochita za Chala si za Nangozo. Chanucho ndiye sitinachilekanitse ndi inu."

Mlangizi anatulutsa pepala la malo a mjigo. "Apa pokha m'posaina. Kapena ndibweretse inki?"

"Inki isungeni," anatero Nangozo.

Anawerama n'kusolola cholembera m'thumba la mwamuna wake. Chinali chouma. Anasolola china, chouma. Chinanso, chinalibe n'kamtima komwe, chinali chivindikiro chabe. Anadzuma, namasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa chake cha kusukulu ya kwacha, chotafunidwa kumapeto. Analemba dzina lake komiti yonse ikuona, pang'onopang'ono, lilime lili pakona pa mlomo. Linalibe mchira, linalibe phiri. Linali ndi vuto limodzi lokha, lakuti linkawerengeka.

"Malo?" anafunsa mlangizi.

"Pakati pa nyumba. Fulumirani, nandolo wanga akuuma."

Asanabwerere kulichero lake, apabenchi anali atamupukutira kale mpando ndi zipewa zawo. A Ziyaya anagwirizana nazo asanafunsidwe.

Mjigo anaukumba pamene pali ndowa. Misonkhano ya komiti masiku ano imatha madzi a tiyi asanawire, ndipo Nasibeko, amene naye anasaina, amalankhula ndi anthu, dengu lake linapuma. Lamulo loyamba lija Wapampando watsopano akuti adzalichotsa akadzapeza mpata. Mpaka pano sanaupeze. Ali ndi dimba.

Koma musaganize kuti a Chathyoka anatayidwa. Mudziwo uli ndi chisoni. Komiti inaona kuti munthu wa zolembera zambiri chotere sangasowe ntchito, choncho inagamula kuti cholembera chokha ndicho membala. Pamsonkhano uliwonse mudzawapeza pafumbi m'mbali mwa benchi, mkono atautukula, Wolemekezeka Cholembera ali pabenchi pamodzi ndi anzake. Chakumwa cha Cholembera amamwa ndi a Wapampando, modzichepetsa.

Akale anati chala sichiloza mwini. Akalewo analibe foni.

Ndipo a Chathyoka akakhala ndi mfundo, pakuti mfundo ali nazobe zambiri, amavula chipewa chawo, n'kuchiika pamwendo, n'kuyamba kuchiuza.